Njati: Nyama Yodya Udzu Imene Mikango ndi Alenje Amaiopa

Nyama zambiri zodya udzu za m'tchire la Africa zimadalira miyendo kuti zipulumuke, moti nswala, mbidzi ndi nyumbu zikangomva fungo la mdani zimaliyatsa liwiro osacheuka, ndipo imene yagwidwa imasiyidwa kuti ione yokha chochita. Njati nayo imathawa ikadzidzimuka, koma kuthawa kwake sikupita patali, chifukwa ikathamanga pang'ono imaima, kutembenuka, kukweza mphuno m'mwamba ndi kuyang'anitsitsa chimene chaiopseza, ndipo kawirikawiri imabwerera kukakumana nacho. Khalidwe limeneli la kuima ndi kubwerera ndi limene lachititsa kuti nyama yosadya mnofu, yooneka ngati ng'ombe yakuda chabe, ikhale pakati pa nyama zoopedwa kwambiri ndi mikango komanso anthu onyamula mfuti.

Akatswiri a sayansi ya zinyama amaitchula njati ya mu Africa kuti Syncerus caffer, ndipo amaigawa m'mitundu ingapo malinga ndi dera. Ya m'nkhalango zowirira za ku Congo ndi yaing'ono ndiponso yofiirira, pomwe ya m'madambo ndi m'tchire la kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, imene imapezeka ku Serengeti, ku Kruger, m'chigwa cha Luangwa ndi kuno ku Liwonde, Majete, Lengwe ndi Vwaza, ndiyo yaikulu ndi yakuda. Nkhunzi yokhwima ya mtundu umenewu imalemera pakati pa makilogalamu 500 ndi 900, kutanthauza kuti imaposa mkango waumuna katatu kapena kanayi, komabe thupi lonselo limatha kuthamanga liwiro lopitirira makilomita 50 pa ola, lomwe munthu aliyense, ngakhale katswiri wa mpikisano wothamanga, sangalifike.

Chida chake chachikulu ndi nyanga, ndipo kapangidwe ka nyangazo kamafunika kukamvetsa bwino chifukwa ndi komwe kamafotokoza zambiri za ngozi imene ikukambidwa pano. Nyanga za nkhunzi zimayambira pakati pa mutu, kutsikira m'mbali, kenaka n'kupindikira m'mwamba ngati mbedza ziwiri, ndipo m'lifupi mwake zimatha kupitirira mita imodzi. Nkhunzi ikamakula, matsinde a nyanga ziwirizo amafutukuka ndi kuyandikana pamwamba pa chipumi mpaka kupanga chigoba chokhuthala, cholimba kwambiri, chimene chimaphimba ubongo. Chigobacho chinapangidwira nkhondo za nkhunzi zokhazokha polimbirana zazikazi, pamene ziwiri zimawombanitsa mitu ndi mphamvu yonse ya matupi awo, koma chimagwiranso ntchito ina iwiri, yoteteza mutu ku chipolopolo ndi yopsinjira mdani pansi. Kuwonjezera apo, chikopa cha pakhosi n'chochindikala, minofu ya m'mapewa ndi yochuluka, ndipo nthiti n'zotambalala ndi zoyandikana, kotero kuti mano, zikhadabo ngakhalenso zipolopolo zimavutika kufika pa ziwalo za moyo.

Mdani weniweni wa njati yaikulu ndi mkango. Nyalugwe, afisi ndi mimbulu amalimbana ndi mathole kapena njati zodwala, ndipo ng'ona zikuluzikulu zimagwirako zina pomwera madzi, koma mkango wokha ndiwo umadalira njati ngati chakudya cha nthawi zonse. Matt Hayward ndi Graham Kerley, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2005, anapeza kuti njati ili m'gulu la nyama zochepa zimene mikango imasankha kuposa zina, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona, popeza njati imodzi imakhutitsa banja lonse la mikango kwa masiku angapo. Mtengo wa chakudya chimenecho ndi umene uli wokwera. Mikango imayenera kuyamba yabalalitsa gulu kuti ipatule imodzi, kenaka ina imalumphira pamsana ndi kuluma msana kapena tsinde la mchira, ina imakoka miyendo yakumbuyo, kufikira nyamayo itagwa, ndipo ikagwa mkango umodzi umaluma pakhosi kapena kutseka mphuno ndi pakamwa ndi kamwa lake kuti njatiyo ibanike. Ntchito imeneyi siitha msanga ngati ya kupha nswala, imatha kutenga theka la ola kapena kupitirira, ndipo nthawi yonseyo mkango umene wayandikira kutsogolo uli pangozi yobayidwa pamimba, kuthyoledwa nthiti kapena kuswedwa chibwano. Mkango wothyoka chibwano kapena mwendo sungasakenso, choncho ngakhale utachoka pamalopo uli moyo, umakafa pang'onopang'ono ndi njala.

Chimene chimasokoneza mikango koposa ndi kulira kwa njati imene yagwidwa. Kulira kumeneku n'kwakuya ndi kotalika, ndipo gulu limene linali litathawa likakumva limaima, kusonkhana mothinana, nkhunzi ndi zazikazi zazikulu kutsogolo, mathole pakati, n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Anthu ambiri padziko lapansi anaona zimenezi koyamba pa kanema amene alendo anajambula mu Sepitembala 2004 pa dziwe la Transport Dam m'nkhalango ya Kruger ku South Africa, yemwe anafala pa YouTube mu 2007 ndi dzina loti Battle at Kruger. Pa kanemayo mikango inagwira thole n'kugwera nalo m'madzi, ng'ona inaluma tholelo mbali ina n'kuyamba kukokanakokana ndi mikangoyo, ndipo mikango itapambana n'kulikokera kumtunda, gulu lonse la njati linabwerera ndi kuizinga. Njati imodzi inanyamula mkango ndi nyanga n'kuuponya m'mwamba, ina yotsalayo inathamangitsidwa umodziumodzi, ndipo tholelo, limene aliyense akadaliyesa lakufa, linadzuka n'kulowa pakati pa gulu. Oonera ambiri anachitenga ngati chozizwitsa, koma kwa oyang'anira nyama chachilendo chinali chakuti zonsezo zinajambulidwa, popeza kubwerera kwa njati kudzalanditsa inzake ndi chinthu chimene iwo amachiona kawirikawiri.

Njati sizilekera pa kulanditsa kokha. Zikapeza mikango itagona masana zimaiputa dala, kuithamangitsa mpaka ina kukwera m'mitengo kapena pa zulu, n'kuidikirira pansi kwa nthawi yaitali, ndipo zikanunkhiza pamene mkango waukazi wabisa ana ake m'zitsamba zimapondaponda malowo ndi kupha anawo. Ku Duba, m'madambo a Okavango ku Botswana, Dereck ndi Beverly Joubert anatsata kwa zaka mikango imene inkasaka gulu limodzi lalikulu la njati masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi zina m'madzi ofika m'mimba, ndipo filimu yawo ya mu 2006 yotchedwa Relentless Enemies ikuonetsa kuti mikangoyo inkalephera nthawi zambiri kuposa zimene inkapambana. Ku Kruger, kafukufuku wa Paul Funston ndi anzake anaonetsa kuti mikango yaimuna, imene anthu amainena kuti ndi yaulesi yongodya zogwira zazikazi, imasaka yokha kwambiri ndipo nyama imene imakonda ndi njati, chifukwa ntchito yogwetsa chinyama chotere imafuna thupi lolemera.

Pali gulu lina la njati limene liyenera kutchulidwa palokha, lomwe ndi la nkhunzi zokalamba. Nkhunzi ikapitirira msinkhu wolimbirana zazikazi imachoka m'gulu lalikulu n'kumakhala yokha kapena ndi zinzake ziwiri kapena zitatu, pafupi ndi madzi, m'mabango ndi m'zithaphwi momwe imadzola matope pofuna kuziziritsa thupi ndi kuchotsa nkhupakupa. Herbert Prins, amene anaphunzira njati za ku Lake Manyara ku Tanzania kwa nthawi yaitali n'kulemba buku la khalidwe lawo mu 1996, anapeza kuti nkhunzi ndizo zimaphedwa kwambiri ndi mikango poyerekeza ndi zazikazi za m'gulu, chifukwa zilibe khamu loti lizilanditse. Pa chifukwa chomwechi nkhunzi yotere ndiyo yosachedwa kupsa mtima, popeza yaphunzira kuti chitetezo chake n'kuyamba ndiyo kumenya, ndipo popeza imagona mobisika mu tsekera, woyenda pansi amaizindikira atafika kale pamtunda wa mamita ochepa. Nyengo nayo imasintha mphamvu za mbali ziwirizi, pakuti njati imafuna udzu wambiri ndi kumwa pafupifupi tsiku lililonse, motero m'zaka za chilala imafooka ndipo mikango imaipeza mosavuta, monga zinachitikira ku Kruger pa chilala cha 1992 pamene chiwerengero cha njati chinatsika ndi pafupifupi theka m'zaka zochepa.

Ngozi ina kwa zilombo zodya nyama ndi yosaoneka ndi maso. Mu 1990 madokotala a ziweto anapeza chifuwa chachikulu cha ng'ombe mu njati za ku Kruger, matenda amene akuganiziridwa kuti analowa m'nkhalangoyo kuchokera ku ng'ombe za m'mafamu oyandikana nayo zaka makumi angapo m'mbuyomo. Njati imatha kukhala ndi kachilomboka kwa zaka osaonetsa kudwala, ndipo mkango umene waluma mphuno yake kapena kudya mapapo ake umatenga matendawo n'kuyamba kuwonda, kutupa m'mfundo ndi kulephera kusaka. Njati yakufa kale imatha kupha mkango umene unaipha, patapita zaka.

Kwa anthu, mbiri ya kuopsa kwa njati ndi yakale kwambiri kuposa mfuti. Alenje a m'midzi ankaisaka ndi mikondo, mbuna ndi agalu, ndipo pambuyo pake ndi mfuti za gogodera zimene zimaponya chipolopolo chimodzi n'kufuna nthawi yaitali kuti azithirenso onga, kotero kuti wowombera akaphonya pamalo oyenera ankatsala ndi mtengo wokwera basi. David Livingstone, m'buku la maulendo ake la mu 1857, anafotokoza zimene zinachitika kumayambiriro kwa 1856 m'mbali mwa Zambezi, pamene njati zinadutsa mothamanga pakati pa mzere wa anthu ake, ndipo mmodzi wa amuna a pa ulendowo, amene anabaya njati ina ndi mkondo, ananyamulidwa pa nyanga kwa kamtunda ndithu n'kuponyedwa m'mwamba, koma mwamwayi anachira. Alenje achizungu atachuluka anaika njati pamodzi ndi mkango, nyalugwe, njovu ndi chipembere m'gulu la nyama zisanu lotchedwa Big Five, dzina limene lero makampani okopa alendo amaligwiritsa ntchito ngati la ulemu, ngakhale kuti poyamba silinkanena za kukula kapena kukongola kwa nyamazo koma za kuvuta ndi kuopsa kwa kuzisaka munthu ali wapansi.

Kuti timvetse chifukwa chake mfuti yamakono siithetsa ngoziyo, ndi bwino kuona mmene njati imabwerera ikafuna kumenya. Imathamanga mutu uli m'mwamba, mphuno italoza kutsogolo, maso ali pa munthuyo, ndipo imaweramitsa mutu pa mphindi yomaliza pokha pamene yatsala pang'ono kugunda. Pa nthawi imeneyo ubongo, umene ndi malo oti chipolopolo chiigwetse pomwepo, umakhala wobisika kumbuyo kwa mphuno kapena pansi pa chigoba cha nyanga, ndipo mutuwo umagwedezeka ndi kuthamanga. Njati yolasidwa pamtima kapena m'mapapo imatha kuthamangabe mamita makumi angapo isanagwe, ndipo ikakhala kuti yakwiya kale imalandira zipolopolo zingapo osasintha njira. Njovu ndi mkango nthawi zina zimangoopseza n'kuima panjira, koma njati ikayamba kubwera ndi cholinga siikhala ikuyeserera. Ikamufika munthu imamukola ndi nsonga ya nyanga, kawirikawiri pantchafu kapena pamimba, kumuponya m'mwamba, ndipo akagwa imamupsinja pansi ndi chigoba chija, kumupondaponda ndi kubwerezabwereza. Ambiri amafa chifukwa cha kutaya magazi pamene mtsempha waukulu wa pantchafu waduka, chipatala chili kutali. N'chifukwa chake maiko angapo amene amalola kusaka kolipira, monga Tanzania, amalamula kuti njati isakidwe ndi mfuti yosachepera mphamvu ya .375, mtundu umene kampani ya Holland & Holland ya ku London inautulutsa mu 1912.

Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yolondola njati yovulala. Ikalasidwa koma osafa imalowa m'malo owirira kwambiri amene ingawapeze, ndipo ikatopa imapatuka pang'ono pa njira imene yadzera, kutembenuka ndi kuima chete mumthunzi ikuyang'ana kumene yachokera. Olondola amakhala maso ali pansi kufufuza madontho a magazi pa udzu ndi pa masamba, mtundu wa magaziwo ukuwauza ngati chipolopolo chinalowa m'mapapo kapena m'mimba, ndipo amatha kudutsa nyamayo osaiona mpaka itatulukira cham'mbali. Alenje ambiri amakhulupirira kuti njati imachita zimenezi mwadala pofuna kubwezera, ndipo nkhani zotere zinaipatsa maina oopsa m'mabuku a alenje. Frederick Selous, mlenje wodziwika wa m'zaka za m'ma 1800 amene anapha njati zopitirira 100 ndipo dzina lake linaperekedwa ku malo aakulu osungirako nyama ku Tanzania, ankaona kuti nkhanizi zimakokomezedwa, ndipo iye ankaika mkango patsogolo pa njati pa kuopsa. Maganizo amenewa ali ndi nzeru, chifukwa nyama yovulala imene ikutsatidwa ilibe chifukwa choyang'ana kwina koposa kumbuyo kwake, ndipo zimene njati imachita kwa mlenje n'zomwezo zimene imachita kwa mikango imene ikuilondola. Komabe kwa munthu amene ali m'zitsambamo, kusiyana kwa kubwezera ndi kudziteteza kulibe phindu lililonse.

Ngozi zimenezi zikuchitikabe ngakhale kwa anthu odziwa ntchito. Mu 2018 mlenje wina wa zaka zambiri pa ntchitoyi m'chigawo cha Limpopo ku South Africa anaphedwa ndi njati ina ya m'gulu pamene iye ndi anzake ankakonzekera kukweza m'galimoto imene anali atawombera kale, ndipo mu Ogasiti 2025 mlendo wochokera ku Texas anafa m'chigawo chomwecho atagundidwa ndi nkhunzi imene ankailondola. Imfa zotere zimalembedwa m'nyuzipepala za maiko ambiri chifukwa omwalirawo ndi anthu odziwika kapena olemera, koma pa ulendo uliwonse wosaka amene amayenda kutsogolo ndi wolondola mapazi, munthu wa m'dera lomwelo, amene nthawi zambiri sanyamula mfuti ndipo ndiye woyamba kukumana ndi nyamayo. Iyeyu ndi amene amadziwa kuwerenga ndowe ngati ndi yatsopano, kumvetsera mbalame zodya nkhupakupa zikauluka mwadzidzidzi, ndi kuona akakowa akuzungulira pamwamba pa tsekera n'kudziwa kuti pansi pake pali gulu. Kuti munthu wotere akavulala dzina lake silimveka kutali ndi kupanda chilungamo kumene ntchito yosaka nyama iyenera kuchita nako manyazi.

Kwa anthu okhala m'malire a nkhalango za Malawi, Zambia ndi Mozambique, njati yovulala siichokera kwenikweni kwa alenje olipira koma kwa opha nyama mozemba. Khwekhwe la waya limene latcheredwa mphalapala kapena nswala silisankha nyama, ndipo njati ikakodwa imadula wayayo kapena kuzula chimene anamangirirapo, n'kumayenda, wayayo akudya mnofu wa mwendo kapena khosi kwa milungu. Nyama yotere imasiya gulu, imakhala pafupi ndi madzi chifukwa siingayende patali, ndipo imamenya aliyense woyandikira, kaya ndi msodzi, mayi wodzatola nkhuni kapena woyang'anira nkhalango amene ali pa ntchito yake. Wotchera msamphawo amakhala ali kunyumba pamene wina wosalakwa akulipira. Ku Liwonde, kuyambira 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowo mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, makhwekhwe opitirira 40,000 achotsedwa m'nkhalangoyo, ndipo nyama zinachuluka mpaka mu 2022 njati 80 zinasamutsidwira ku Kasungu pamodzi ndi njovu 263. Mikango nayo inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, kotero kuti mkangano wakale wa nyama ziwirizi wayambiranso m'chigwa cha Shire kumene unazilala kwa zaka zambiri.

M'midzi yambiri mumamveka nkhani yoti munthu akathawira mumtengo njati imakodzera mchira wake n'kumuwaza kuti ayabwidwe mpaka agwe. Imeneyi ndi nthano ya alenje, koma mbali yake yoona ndi yakuti mtengo ndiwo pothawirapo podalirika, ndiponso kuti njati yokwiya imatha kudikirira pansi pake kwa nthawi yaitali, choncho wokwerayo asafulumire kutsika. Oyang'anira nyama amalangiza kuti woyenda pansi apewe mabango ndi udzu wautali wa m'mbali mwa madzi, makamaka m'mamawa ndi madzulo, kuti akaona njati patali abwerere pang'onopang'ono osathamanga ndi osaitsekera njira yopita kumadzi kapena kuthengo, ndiponso kuti aliyense amene waona njati yotsimphina, yokoka waya kapena yokhala yokha pafupi ndi minda akanene msanga kwa mfumu ndi kwa ogwira ntchito m'nkhalango, amene ali ndi zida ndi mankhwala ogonetsera nyama kuti aichotse wayayo kapena kuipha ngati singachirenso.